Dzina la Kamtedza pa Kansalu ka Kaki

Loweruka lapitali ndinapereka moni kwa chidole. Ndinalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale za asilikali, ija ili m'mbali mwa mtsinje pakati pa Dublin, magalasi anga atachita nthunzi chifukwa cha chisanu cha panja. Pakona panaima msilikali wamtali, wandevu zopotana. Ndinavula chipewa n'kumufunsa, m'Chingerezi changa chija ndimasungira madokotala, ngati chikepe chikugwira ntchito. Iye duu. Ndinabwereza mokweza. Mayi wina wachizungu anandigwira pamkono nati, "Bambo, ameneyo sanayankhulepo chibwerere muno." Ine ndithu, munthu amene ndawerenga mabuku atatu onena za nyumba imeneyi.

A Kalinde akanakhalapo sakanaseka. Akanayamba ayang'ana kolala ya chidolecho, kenako n'kundiuza kuti ndisachite manyazi, pakuti msilikali wovala bwino chotero ayenera kupatsidwa moni, kaya ndi wamoyo kaya ndi wapulasitiki. Koma kulibe. Loweruka lomwelo ndi pamene chinakwana chaka chimwalirire, ndipo n'chifukwa chake ndinapitako. Chaka chonsechi ndakhala ndi funso limodzi limene sindinafunsepo munthu: kodi si ine ndinawafupikitsira masiku?

A Kalinde anali telala wa asilikali ku Zomba kwa zaka zoposa makumi atatu. Mfuti sanaombepo, ndipo sankabisa. Ankati iwo anamenya nkhondo yolimbana ndi mimba za masajeni, zimene zinkakula chaka ndi chaka pamene nsalu ya boma inali yomweyo. Mayi a kunyumba atamwalira, mwana wawo Agnesi, amene ndi namwino, anawaitanitsa kuno ku Finglas. Ine ndimachita lendi kachipinda nyumba yachitatu kuchokera pawo. Ntchito yanga ndi yotsuka m'ndege ku eyapoti, sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo tindalama totsala ndimagulira mabuku akale m'mashopu a kaunjika. Tsiku loyamba kundiona ndili pa siteji ya basi, mphuno ili m'buku, thalauza likukwekwereza pansi, anandipatsa dzina loti a Mabuku. Linakanirira, moti ngakhale ansembe amandiitana choncho.

Makina awo osokera anawaika pawindo la kutsogolo, kuti aziona msewu. Sizasi anachokera nayo kumudzi, yokulunga m'kachitenje, ndipo mdzukulu wawo atadulira pepala tsiku lina, m'nyumbamo munali ngati mwagwa maliro. Mipango ya m'thumba ankaisita. Amalawi a ku Santry ndi ku Swords ankabwera ndi zovala zoti awachepetsere, ndipo aliyense ankayamba walandira ulaliki. Chovala ankachitembenuza kaye. Ankakonda kunena kuti kunja kwa malaya n'kwa anthu, koma m'kati ndi mmene mumakhala khalidwe la amene anasoka. Misa ikatha ankaima pakhomo la tchalitchi, maso ali m'mipendero ya anthu, ndipo ena tinkatulukira khomo lam'mbali.

Mnzawo wokangana naye anali Mai Zulu, oyandikana nawo nyumba, mayi wa ku Chipata amene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Nkhondo yawo inayamba pamene Mai Zulu ananena kuti asilikali a ku Zambia amavala bwino kuposa athu. A Kalinde anakhala sabata ziwiri osawapatsa moni, kenako anawasokera makatani a nyumba yonse osalandira kanthu, kuti mayiwo aone okha msoko wa ku Zomba. Kuyambira pamenepo ankanyozana tsiku lililonse pampanda, mayiwo akuti "madala a Nyasalandi", a Kalinde akuti "mayi a manje-manje", potengera mmene a ku Zambia amanenera "tsopano lino". Tsiku limene sanatukanepo, ndiye kuti wina wadwala.

Ndi Agnesi mkangano unali wa mtima. Madokotala anali atanena kuti mtima wa a Kalinde watopa: asakwere masitepe, asayende pachisanu, asamve nkhani zodzidzimutsa. Anawapatsa kabotolo kofiira ka mankhwala opopera kunsi kwa lilime. Agnesi anatiitana ine ndi Mai Zulu n'kutiuza mosapita m'mbali.

"Achimwene, inu ndi amene mumacheza nawo. Nkhani za maliro akumudzi musamawauze. Ndipo asapite patali. Ndikakhala ku shifiti, maso anga ndi inu."

Ndinalonjeza. Ndinagwira ngakhale pamtima.

Tsiku lina Lamulungu akundipindira thalauza lija, anandiuza za Kamtedza. Kamtedza anali bambo wa mayi awo. Pa nkhondo ya Chiwaya, ija yoyamba ya azungu, anagwidwa kumudzi kuti akakhale mtengatenga, wosenza katundu wa asilikali. Anachoka mkazi wake ali woyembekezera, ndipo sanabwerere. Amene anabwerako anangoti anatsala panjira, kumpoto kwinakwake, mtolo wake unapatsidwa kwa wina. Kumudzi anadikira, kenako anakumba manda n'kuikamo thunthu la nthochi, monga timachitira ngati mtembo palibe. Mwana amene anabadwayo, mayi a a Kalinde, anakalamba akunena chinthu chimodzi: kuti mzungu amene anatenga bambo awo ankati ndi wa ku Ayalandi, ndipo mzungu sataya pepala, choncho dzinalo linalembedwa penapake. Ali pafupi kutsirizika anauza mwana wawo kuti akadzalipeza adzawauze m'pemphero. A Kalinde anakayang'ana pa chipilala cha ku Zomba kangapo konse. Anapezapo mayina a asilikali. La Kamtedza panalibe.

Apa ndi pamene pakamwa panga panandipalamulira. Masiku omwewo ndinali nditawerenga theka la tsamba lina lonena za munda wa chikumbutso umene uli kumtunda kwa mtsinje kuno ku Dublin.

"Bambo," ndinatero ndikudzikonza pampando, "kunotu kuli mabuku a mayina a anthu amene anafa pa nkhondo imeneyo. Amawasunga m'tinyumba tamiyala."

Makina anaima.

"Onse?"

"Onse, bambo. Azungu sataya pepala."

Theka linalo la tsamba ndinaliwerenga patapita masiku anayi, ndili m'basi. M'mabukumo muli mayina a anthu a ku Ireland okhaokha. Ndinapitirira siteji yanga osadziwa.

Munthu wanzeru akanapita tsiku lomwelo kukapepesa. Ine ndinafika pakhomo, n'kupeza a Kalinde atatulutsa suti yawo yakuda, akuisita ndi kansalu konyowa. Anali atayamba kuyenda m'mawa uliwonse kukafika pakona n'kubwerera, ati kuzoloweretsa miyendo. Anandinong'oneza kuti awauza kale mayi awo m'pemphero kuti adikire pang'ono. Ndinakumbukira mawu a Agnesi onena za nkhani zodzidzimutsa. Ndikawauza, mtima. Ndikawatenga n'kukaona okha, mtima womwewo. Ndinayamba kuzemba. Sabata ino mvula, sabata inayo shifiti, inayo ndamva kuti akukonza msewu.

"A Mabuku," anandifunsa tsiku lina osakweza mutu pa makina, "kodi mukudikira kuti ndidzapiteko ndili m'bokosi? Thursday Agnesi ali ndi shifiti yaitali. Half nine mundipeze pano."

Tinanyamuka Lachinayi limenelo, mu September, kunja kuli kamphepo. Mai Zulu anali pakhomo pawo ndi kapu ya tiyi. Anatiyang'ana, suti yakuda ndi ine wonyamula kabotolo kofiira, koma sananyoze. Zimenezo zikanandidabwitsa ndikanakhala kuti mutu wanga unali pamalo.

Ndinali ndi pulani, ndipo ndikuchita manyazi kuilemba. Ndinati tiyambire ku nyumba ya zinthu zakale ija, imene kale inali kampu ya asilikali, kuti akatope kumeneko n'kunena okha kuti kumunda tidzapita tsiku lina. Taonani nzeru za munthu wowerenga: kuopa kupha nkhalamba ndi mawu, n'kusankha kuitopetsa ndi miyendo.

Titangolowa m'bwalo lalikulu la pakati, lozunguliridwa ndi nyumba zamiyala yotuwa, a Kalinde anawongoka ngati wina wawakoka ndi chingwe. Pakhoma analembapo manambala motalikirana. Ine ndinali nditawerenga tanthauzo lake ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma iwo anandiposa.

"Manambala awa ndi a mapazi. Apa ndi pophunzitsira anyamata kuguba. Gwirani chipewachi."

Anaima pa nambala yoyamba, chidendene ku chidendene, n'kuyamba kuguba. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, mikono ikuponyedwa, nsapato zikulira pamiyala. Ine pambuyo ndikuthamanga chammbali ngati nkhanu, chipewa dzanja ili, kabotolo dzanja ilo.

"Bambo, chonde! Bambo, Agnesi andipha!"

Anaima pakati pa bwalo, akupuma mwabefu, milomo itayera. Ndinawerenga mpweya wawo ngati mmene ndinaonera Agnesi akuchitira. Iwo anangoti kwa zaka makumi atatu ankaonera zimenezi pawindo la shopu yosokera, ndipo sanaloledwepo kuponda pabwalo.

M'kati sanasamale za ndege yopachikidwa kudenga kapena galimoto zachitsulo. Ankapita pagalasi lililonse, mphuno pafupi, kuyang'ana misoko. Jekete lina lofiira anati analisoka munthu wokhuta, wokhala ndi nyale yabwino. Lina lakaki anati analisoka mothamanga munthu wolipidwa pa chiwerengero, ndipo anandionetsa pamene ulusi unadumpha. Pa yunifolomu ina yaing'ono anati mwini wakeyo anali asanamalize kukula, chifukwa telala anasiya nsalu yambiri mumpendero kuti adzaifutukule. Sanaifutukule.

Kenako tinafika pa mfuti yaikulu ya miyendo itatu, pambali pake pali bokosi la zipolopolo la zogwirira zachingwe.

"Chiwaya chija n'chimenechi?"

"N'chimenechi, bambo."

"Tawerengani kapepalako. Akuti anasenza ndani?"

Ndinawerenga. Panali dzina la mfutiyo, kumene inapangidwa, ndi mmene inkalavulira moto.

"Basi?"

"Basi, bambo."

"Msilikali ndamuona. Mfuti ndaiona. Bokosi ili. Nanga mutu umene unasenza uli kuti?" Anayang'ana bokosilo nthawi yaitali. "Mtengatenga analibe yunifolomu, a Mabuku. Telala sanamuyezepo. Tiyeni ku mayina."

"Simunatope, bambo? Tikhoza kubwera tsiku…"

"Itanani tekisi."

Mu tekisi malaya anga ananyowa ndi thukuta. Ndinapeza nambala ya ambulansi pafoni n'kuisiya poyera. Ndinkayeseza mawu amene ndidzauze Agnesi, ndipo onse ankayamba ndi "achemwali, pepani".

Pachipata cha mundawo a Kalinde anakana kulowa. Ananjuta movutikira atagwira chitsulo cha geti, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono, katatu, monga amachitira akulu pofika kumanda. Anthu othamanga ndi agalu awo ankatilambalala. Ndinawanong'oneza kuti muno simunaikidwe munthu, ndi munda chabe. Anandiyankha kuti pamene pasungidwa mayina a akufa, eni ake amakhala pomwepo, ndipo munthu sulowa pakhomo pa eni osaodira.

Mundawo ndi waukulu, udzu wometedwa bwino, maluwa a rozi m'mabwalo ozungulira, mtanda wautali, ndi mwala waukulu pakati wonga guwa. M'mbali muli tinyumba tinayi tamiyala. Tinapita pa koyamba. Chitseko chinali chokhoma. Kachiwiri chimodzimodzi.

Ndisaname, mtima wanga unavina. Mulungu anali atandipatsa pothawira. Ndikanangoti, "Pepani bambo, atseka, koma dzina lili m'katimo," tikanabwerera kunyumba onse amoyo. Tinakhala pabenchi. Iwo ankayang'ana chitseko chija ngati mwana woyang'ana sitolo yotseka, milomo ikugwedera, ndipo ndinazindikira kuti akuyankhula ndi mayi awo. Ndinaona kuti atsala pang'ono kuuza wakufa bodza langa. Pamenepo ndiye ndinalephera.

"Bambo, ndinakunamizani. Ndinawerenga theka. M'mabukumo muli anthu a kuno okhaokha. Dzina la agogo mulibe. Ndadziwa kwa mwezi wathunthu."

Nkhope sinasinthe. Kenako dzanja lawo lamanja linakwera pang'onopang'ono n'kulowa m'jekete, kumanzere, pamtima penipeni.

Ndinalumpha. Kabotolo kanagwa, ndinakatola, chivindikiro chinakana, ndinachiluma ndi mano. "Yasamulani, bambo! Kwezani lilime! Mayo ine, ndapha munthu!" Dzanja lina ndikufufuza foni, lina ndikuwagwira chibwano.

"Tandisiyeni, inu! Mukundithyola kolala."

Dzanja lija linatuluka ndi kansalu. Kanali kakaki, kotalika ngati chala chapakati, konga kaja amasokerera pachifuwa cha msilikali. Pakansalupo panali zilembo zosokedwa pamanja ndi ulusi wakuda, zowongoka ngati zodinda: KAMTEDZA. Anakatembenuza kuti ndione kumbuyo. Kunalibe mfundo ngakhale imodzi yolendewera.

"Mawondo anga atha pa geti paja," anatero. "Gwadani ndinu. Kalowetseni kunsi kwa chitseko."

Ndinagwada pamwala wozizira. Mpata unali wochepa, kansalu kankapindika. Ndinatulutsa khadi langa la ku laibulale n'kuyamba kukankhira. Ndili chigwadire choncho ndinamva wilibala ikuima kumbuyo kwanga. Anali mkulu wina wosamalira maluwa, wa tsitsi loyera. Chingerezi changa chonse, cha mabuku onse aja, chinathawa. Ndinkangoona apolisi, mapepala anga, ndi ndege yobwerera kumudzi imene ndinaitsuka ndekha. A Kalinde ndi amene anaimirira, n'kufotokoza m'Chingerezi chawo cha kumishoni, mawu amodziamodzi: kuti agogo awo anasenza katundu pa nkhondo imeneyi, kuti anafera panjira, kuti kwawo anaika nthochi. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto. Anayang'ana ine, anayang'ana chitseko. Kenako anati iye ntchito yake ndi maluwa, za zitseko sazidziwa, ndipo maso ake masiku ano saona bwino. Anagwira chipewa chake pang'ono n'kukankha wilibala.

Kansalu kanalowa.

Potuluka a Kalinde anaima pa thamanda la madzi otumphuka n'kusamba m'manja, nandiuza kuti nanenso ndisambe, poti tachokera kumanda. Madziwo anali ozizira ngati a m'firiji. Mu tekisi anagona, mutu uli paphewa langa, ndipo njira yonse mpaka ku Finglas chala changa chinali pamkono pawo kumvetsera mtsempha. Za bodza langa sananenepo kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Agnesi anadziwa madzulo omwewo, chifukwa bambo ake anagona masiku awiri osadzuka kukakhala pa makina. Sanandikalipire. Anangoti, "Ndinakukhulupirirani, achimwene," n'kutseka chitseko. Kukalipa kukanakhala bwino. A Kalinde anadzukanso, anasokanso, anakangananso ndi Mai Zulu, koma kuyenda kokafika pakona kuja anasiya. Mu February anagonekedwa m'chipatala, ndipo sanatulukemo. Thupi tinaliperekeza ku eyapoti, linakaikidwa ku Zomba pafupi ndi mayi awo. Pamaliro Agnesi anandipatsa moni wa dzanja, wa anthu onse. Kuyambira pamenepo ndikamadutsa pakhomo pawo ndimayang'ana pansi.

Loweruka lija, nditachoka kwa chidole changa, ndinapitanso kumunda. Rozi anali atadulidwa, timitengo tokhatokha. Tinyumba tinali tokhoma. Ndinagwada n'kusuzumira kunsi kwa chitseko chija, koma munali mdima. Kaya kansalu kanasesedwa, kaya wina anakatola n'kukaika pakati pa masamba, sindidziwa.

Pobwerera ndinaima pa geti la Agnesi, koyamba chaka chonse, n'kukweza maso. Makina akadali pawindo pomwepo, ovindikiridwa ndi nsalu imene anaisoka okha. Mpando wawo anaukankhira kunsi kwa tebulo, ndipo kapilo kake kakadali ndi chibowo pakati. Tepi yoyezera ili pa msomali. Pagalasi, pamene ankapukuta nthunzi ndi chikhatho kuti aone amene akutsika basi, tsopano pali nthunzi yokhayokha kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Ba Mabuku!"

Anali Mai Zulu, pampanda pawo, atafunda jekete la ku ntchito.

"Mwachoka kuti na nkhope ya maliro so? Na mawondo ya matika?"

Ndinasasa matope m'mawondo n'kuwauza kumene ndinapita. Kenako, sindidziwa chifukwa chake, ndinawauza zonse: theka la tsamba, mwezi wa mabodza, pulani yowatopetsa, ndi funso langa lija. Anandimvetsera atapinda manja. Nditamaliza anapukusa mutu.

"Imwe na mabuku yanu. Madala aja anali kudziwa kudala, kalekale, kuti dzina mulibe. Sabata yamene munawauza, anabwera pano pampanda, ati mayi a manje-manje, nifufuzireni pafoni. Ninawawerengera zonse, ati ni anthu a kuno chabe. Pamene apo ananipempha ulusi wakuda. Uja ulusi unali wanga."

"Nanga bwanji sanandiuze?"

"Ananiletsa. Ati mukamuuza Mabuku kuti nadziwa, mtima wake uzakhala pansi, azamvera Agnesi, sazaniperekeza. Musiyeni na manyazi yake, ni yamene yazanifikitsa kuja." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Agnesi ninamuuza pa Khirisimasi. Akuyembekeza chabe kuti mugogode. Koma osati na thalauza iyo, yamasuka mpendero. Pitani mukasinthe, madala angakuoneni pawindo."